Shedi ya nandolo pa Migowi: tiyambe kapena tidikire?

Wapampando: Abale ndi alongo, Malume athu a ku Joni atumiza ndalama za simenti ndi malata kuti timange shedi yosungiramo nandolo pa Migowi. Tithokoze kaye, kenako tikambirane mwaulemu.

Malume a ku Joni: Zikomo a Wapampando. Chandipweteka zaka zambiri ndi ichi: nandolo wa ku Phalombe, Mulanje ndi Zomba amakadyedwa ku India, koma mlimi wa kwathu amagulitsa atangopuntha, pa sikelo ya venda yokoleka pa mtengo wa mango, chifukwa fizi ya Sepitembala yamugwira pakhosi. Venda amapita naye ku Limbe, wa ku Limbe amakweza ku Nacala, phindu lonse limatsala panjira. Mu 2021 boma la India linagwirizana ndi Malawi kuti lizigula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Ife a kumudzi tinapindulapo chiyani? Kontena imodzi imafuna matumba a makilo 50 oposa 450. Mlimi mmodzi sangakwanitse, koma midzi khumi itasonkhanitsa pamodzi, nandolo wopeta bwino, wouma, wopanda anankafumbwe, tikhoza kukambirana mtengo maso ndi maso ndi wogula wamkulu.

Mayi a ku Chiringa: Malume, mawu anu ndi abwino. Koma ndalama za mlatho zija zili kuti?

Msungichuma: Mayi, nkhani imeneyo tinaifotokoza pa msonkhano. Simenti inapita ndi madzi a Freddy.

Mayi a ku Chiringa: Freddy anabwera mu Malichi 2023. Ife tinasonkha mvula isanayambe. Malisiti sitinawaone mpaka lero, ndipo ana athu akuwolokabe pa mitengo iwiri yogoneka.

Malume a ku Joni: Chemwali, ndakumvani, koma tisaphatikize nkhani. Mlatho tiufunse pawokha. Shedi ikachedwa, nandolo wa chaka chino apitanso kwa mavenda.

Aphunzitsi opuma: Achimwene, ndikukumbutseni 2017. India atatseka khomo n'kuika malire pa nandolo wochokera kunja, mtengo kuno unagwa mpaka pansi pa K100 pa kilo. Ndinaona ndi maso anga matumba atasanjikizana m'kalasi yopanda ntchito, akufumbwa mpaka ufa kumathothoka pansi. Msika wodalira dziko limodzi ndi woopsa. Shediyo ilandirenso mpendadzuwa, soya ndi mtedza.

Malume a ku Joni: Aphunzitsi, 2017 ndiyo ikuchitira umboni mfundo yanga. Amene analira kwambiri ndi amene analibe posungira pabwino. Pali njira ya ACE, bungwe loyendetsa msika wa zokolola: mumaika katundu m'nyumba yovomerezeka, amakupatsani lisiti, lisitilo mumatha kutengera ngongole podikira mtengo. Tikalembetsa kopaletivi tingathe kulowa m'menemo. Za mtedza musafulumire, aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku, ndi amene anatitsekera misika ya ku Ulaya, ndipo anthu akadali kuthira madzi mtedza kuti usendeke msanga komanso ulemere pa sikelo. Nandolo alibe vuto lalikulu ngati limenelo, ndipo amapirira chilala. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza anakwera, koma nandolo safuna feteleza wambiri. Tikufunanso chiyani?

Mnyamata wa kabaza: Nanga msewu wa kumidzi nthawi ya dzinja? Ine ndimanyamula matumba awiri basi.

Malume a ku Joni: Nandolo amatuluka chilimwe, mphwanga, msewu uli wouma.

Mlembi: Funso langa ndi malo. A Gulupu anatilonjeza pafupi ndi msika, koma banja lina likuti ndi munda wa agogo awo.

Mayi a ku Chiringa: Ndipo bwanji pa Migowi? Chilichonse pa Migowi. Ife a ku Chiringa ndife osonkha okha?

Msungichuma: Mayi, mukandinena kuti ndine wakuba nenani poyera, ndituluke m'gulu muno.

Mayi a ku Chiringa: Sindinatchule dzina la munthu. Ndapempha malisiti.

Malume a ku Joni: Ndiye timvane chonchi: ndalama zanga zisalowe m'manja mwa munthu. Ndilipira ndekha ku hadiweya, inu mukangotenga katundu, anthu atatu asayine.

Msungichuma: Ndiye kuti nanunso simundikhulupirira, Malume?

Wapampando: Chonde tiyeni tidekhe. Tikumana Loweruka pa foni, 7 koloko madzulo. A Msungichuma mubwere ndi buku.

Mayi a ku Chiringa: Buku ndi malisiti omwe.