Kodi kutseguka maso ndiko kusiya chipembedzo?

Tembo wa ku Kapata:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Mng'ono wanga wabwera kutchuthi kuchokera ku yunivesite ku Lusaka, ndipo Lamulungu lapitali anakana kupita kutchalitchi, nanena pamaso pa amayi kuti iye anatseguka maso ndipo sangalolenso kuti munthu wina azimuganizira. Amayi sanayankhe, anangokhala pakhonde Baibulo lili pamiyendo mpaka belu lachiwiri linalira. Iye akutchula nyengo ina ya ku Ulaya yotchedwa Enlightenment. Kodi tanthauzo lake n'lotani, ndipo kodi munthu woganiza payekha ayenera kuleka kupemphera?

Mphunzitsi wa ku Katete:
A Tembo, funso lanuli analiyankha kale Immanuel Kant, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Königsberg m'dziko lakale la Ajeremani la Prussia, m'chaka cha 1784. Iye anafotokoza kuti Enlightenment, kutanthauza kuunikiridwa kapena kutseguka maso, ndi kutuluka mu ukhanda umene munthu amadzikhazikamo yekha, osati chifukwa chosowa nzeru, koma chifukwa cha ulesi ndi mantha, pakuti n'kosavuta kulola buku kuti likuganizire, m'busa kuti akusungire chikumbumtima ndi dokotala kuti akusankhire zakudya. Chimene ambiri amachidumpha ndi chitsanzo chake cha m'busa. Akakhala paguwa, m'busa aphunzitse katekisimu monga mpingo unamutumira, koma akatenga cholembera kulembera anthu onse, akhale ndi ufulu woonetsa pamene katekisimuyo walakwa. Kant sanauze anthu kuti atuluke m'tchalitchi, ngakhale kuti mu 1794 mfumu ya Prussia, Friedrich Wilhelm II, inamudzudzula chifukwa cha zimene analemba za chipembedzo. Ena a nyengo imeneyo, monga Voltaire wa ku France, ndiwo analimbana ndi atsogoleri a mpingo mwaukali. Mng'ono wanuyo mumufunse ngati maganizo akewo anawayesa yekha, chifukwa ngati wangochotsa abusa n'kuikapo mnyamata wa pa YouTube, ukhanda uja udakalipo.

Amayi Phiri a ku Magwero:
Aphunzitsi mwafotokoza bwino, koma ife kuno mawu a kuunika ndi mdima sitinawamve koyamba kwa Kant. Amishoni a Dutch Reformed atakhazikika kwathu kuno mu 1899, kuunika kunali uthenga wawo ndipo mdima unali miyambo yathu. Agogo anga aamuna ankasimba kuti pofuna ubatizo anauzidwa kuti asadzapondenso kudambwe, ndipo anamvera, komabe mpaka imfa yawo ng'oma za gule zikamveka usiku ankagwedeza phazi pansi pa bulangete. Sindikunyoza amishoni, pakuti ndiwo anaphunzitsa agogowo kuwerenga, ndipo atadziwa kuwerenga anayamba kutsutsana ndi alaliki pa mavesi amene anawaona ndi maso awo. Chimene chimandivuta n'chakuti aliyense wogwira nyali amatcha mnzake wamumdima. Kale anali mmishoni kunena wagule, lero ndi wophunzira kunena amayi ake, pamene ku mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika timakumana ndi anthu omwewo amene timaimba nawo kwaya Lamulungu.

Mkulu wa mpingo ku Petauke:
Ine ndilankhule ngati wolakwa. Zaka zapitazo mtsikana wina wa m'kalasi ya ubatizo anandifunsa kuti Kaini anamupeza kuti mkazi wake, ndipo m'malo moyankha ndinamukalipira kuti ali ndi mwano. Sanabwerenso. Komatu m'buku la Machitidwe anthu a ku Bereya akuyamikiridwa chifukwa chofufuza malembo tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zimene Paulo ankalalikira zinali zoona, ndipo makolo athu nawonso anati safunsa anadya phula. Pamene ndikusiyana ndi aphunzitsi ndi pa m'busa wa pakamwa pawiri uja, chifukwa sindikuona mmene munthu angaphunzitsire ana chinthu m'mawa n'kuchitsutsa m'nyuzipepala madzulo.

Mphunzitsi wa ku Katete:
Bambo, Kant mwiniwake anaika malire pamenepo, ponena kuti m'busa akaona kuti zimene akuphunzitsa zikutsutsana ndi mtima weniweni wa chipembedzo, ayenera kutula udindo pansi.

Tembo wa ku Kapata:
Zikomo nonse. Ndamuwerengera mng'ono wanga zonsezi, ndipo wavomera kuti nkhani ya Kant sanaiwerengepo, anangoimva kwa anzake. Kutchalitchi akukanabe, koma wapempha kuti madzulo ano akhale pansi ndi amayi, awafunse chifukwa chimene iwo amapemphererera.