Chilembo cha ŵ chikusokonekera mu MySQL, ndithandizeni

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndikupanga kapulogalamu ka PHP kolembetsera mamembala a kwaya yathu, ndipo mayina akusungidwa mu database ya MySQL. Chandivuta ndi chilembo cha ŵ. Ndikalemba "Malaŵi" pa fomu, patsamba likuoneka bwinobwino, koma mu phpMyAdmin (pulogalamu yoonera zomwe zili mu database) likutuluka "MalaÅµi". Charset (kasungidwe ka zilembo) ya tebulo la mayinawo ndinaisintha kale kuchoka ku latin1 kupita ku utf8mb4, patsamba charset ndi UTF-8, komabe zili chimodzimodzi. Usiku wathawu ndagona cha m'ma 1 koloko ndikulimbana nazo.

Kodi mwina ndikufunika kuika mysqli_set_charset (lamulo la PHP losankhira charset) pamene ndikulumikiza database? Nanga ndikatero, mayina 300 omwe analowa kale aja sasokonekeranso patsamba? Zowalembanso pamanja limodzilimodzi ndiye ndikuziopa zedi.