Madzi alowa m'nyumba ya lendi, alipira ndani?

Wa ku Rosettenville, ku Joni: Abale, mvula ya Lachiwiri usiku yandisiya manja ali m'khosi. Ngalande inatsekeka, madzi n'kulowera pansi pa chitseko mpaka kufika m'akakolo. Firiji yafa, matiresi akununkha chinyezi, thumba la ufa lochokera kwathu ku Dedza lasanduka phala. A landilodi akuti nyumbayi ili pa inshuwalansi. Ndiye kuti nane andilipira?

Mjomba wa ku Turffontein: Pepani achimwene. Ya a landilodiyo ndi ya makoma, denga ndi giza (thanki yotenthetsera madzi) basi. Katundu wam'nyumba ali ndi yakeyake, ya household contents. Ngati simunadule imeneyo, musadikire kanthu.

Mayi wa ana awiri, Kew: Ife tili pafupi ndi mtsinje wa Jukskei, ndipo banki inatikakamiza kudula inshuwalansi tisanalandire bond, ngongole yogulira nyumba. Koma timalemba ting'onoting'ono tija werengani! Alamu anga anawakanira chifukwa mipope ya padenga inali itadzaza masamba, ati n'kusasamala. Ndipo ngakhale avomere, ndalama yoyambirira ija ya excess imachoka m'thumba mwanu. Jambulani zithunzi musanakolope. Akakukanirani popanda chifukwa, kadandauleni ku National Financial Ombud, ofesi yomva madandaulo a za inshuwalansi, n'zaulere.

Wa ku Rosettenville: Kalanga ine, ndakolopa kale m'mawa.