Sabata yamawa ndiyamba kulandira anthu ku kiliniki ya zamalamulo, ndiyambire pati?

Wofunsa:
Moni nonse akuluakulu. Ndili chaka chachitatu cha zamalamulo, ndipo sabata yamawa ndiyamba kulandira anthu ku kiliniki ya pasukulu pathu, komwe kumabwera anthu opanda ndalama yolipira loya. Za m'mabuku zilipo m'mutumu, koma munthu akandikhalira patsogolo ndi mapepala ake, ndiyambire pati? Ndikuopa kuwononga mlandu wa munthu woti alibe kwina kolowera.

Loya woyang'anira ophunzira:
Achemwali, musanamve nkhani, funsani dzina la amene akukangana naye, muone m'kaundula ngati kiliniki sikumuthandiza kale. Zimatheka mwamuna kubwera Lolemba, mkazi Lachinayi, nkhani imodzimodzi. Mukamva zinsinsi za mbali ziwiri, kawirikawiri kiliniki imawasiya onse. Kenako nenani poyera kuti ndinu wophunzira, ndipo uphungu udzatuluka loya akaona failo.

Mphindi 10 zoyamba musiyeni alankhule, osamudula. Akatha, bwererani pa masiku. Apa ndiye pofera milandu ya anthu osauka. Kuyankha chisamani, kuchita apilo, kudandaula za kuchotsedwa ntchito, zonsezi lamulo linaziikira malire a nthawi, ndipo munthu amafika atataya kale masabata akusaka ndalama yoyendera kapena akuyembekeza kuti zitha mokambirana. Funsani tsiku limene chisamani chinafika m'manja mwake, chifukwa limatha kusiyana ndi lolembedwa pamwamba, ndipo nthawi zambiri kuwerenga kumayambira pa tsiku lolandira. Akaiwala, musamupanikize. Mufunseni chinachitika sabata imeneyo: anali atalandira malipiro? Ana anali atatsekera sukulu? Tsiku lomaliza lilembeni ndi inki yofiira pachikuto cha failo, loya alione tsiku lomwelo.

Paralegal (wothandiza anthu pa zamalamulo koma si loya):
Ndiwonjezere za mapepala. Chitani fotokope mbali zonse ziwiri, poti chidindo kapena siginecha zimabisala kuseri, ndipo enieniwo mubwezereni mwiniwake. Ngati umboni ndi mauthenga a pa WhatsApp, chithunzicho chionetse nambala ndi tsiku.

Tengani manambala awiri a foni, mufunsenso ngati mungamuimbire nthawi iliyonse. Pa nkhani za nkhanza, foni imatha kukhala ndi amene akumuzunzayo. Akabwera ndi wachibale, mupempheni mwaulemu wachibaleyo adikire panja. Pali zina zomwe mayi sanganene apongozi ali pomwepo.

Mphunzitsi wa zamalamulo:
Funso limene ophunzira amaiwala ndi lakuti, "Inuyo mukufuna zithe bwanji?" Inu mukuganiza za chipukuta misozi, mwiniwake akungofuna malipiro ake a miyezi iwiri ndi kalata yoti akafunire ntchito kwina. Mufunsenso zomwe mbali inayo idzanene, komanso ngati pali chomwe anasaina. Munthu amabisa zomuipira poopa kuti mumukana, kenako n'kudzatulukira m'khoti. Akafunsa kuti "tiwina?", musalonjeze, ngakhale mtima ukuwawa. Muuzeni chochitika chotsatira ndi tsiku lomuimbira, ndipo mudzaimbedi. Polemba failo, siyanitsani zomwe wanena ndi zomwe pepala likusonyeza, chifukwa temu ikatha failoyo idzagwiridwa ndi wina amene sanamuonepo.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri, ndalemba zonse. Nanga ndikapeza kuti tsiku lomaliza ndi mawa, loya kulibe?

Loya woyang'anira ophunzira:
Muimbireni pompo, munthuyo asanachoke, mumutumizire zithunzi za mapepalawo. Mukhoza kukonzeratu yankho, koma musasaine, musakapereke kukhoti panokha. Loya akapanda kupezeka, pitani kwa mkulu wa kiliniki. Zikakanika zonse, muuzeni munthuyo tsikulo momveka, mumulembere papepala, mumulozere ku ofesi ina yothandiza mwaulere tsiku lomwelo, ndipo mulembe m'failo nthawi imene munaimba ndi amene munalankhula naye.