Kusiya lendi ya ku Lilongwe nkukakhala ku Mchinji, kodi ndalama ipumadi?

Bambo_a_Tadala

Moni nonse. Ndili ndi funso ndipo ndikufuna andiyankhe anthu amene akukhaladi ku Mchinji panopa, osati amene amangopitako pa Khirisimasi nkukajambulitsa ndi mbuzi kkkk. Ine ndimakhala ku Area 36, ndimapanga zowotcherera, mageti, mawindo, mabegila ba ndi zina zotero. Mayi akunyumba kwawo ndi ku Mchinji, mbali ya ku Kapiri, kulowa mkati ndithu kuchoka pamsewu. Chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu sizinabwererenso mchimake, alandilodi akweza kawiri, makala akwera, ufa tikugula wa mwalkman ngati mabatchala chonsecho tili ndi ana atatu. Ndiye mayiwa akuti tiyeni kumudzi, munda ulipo maekala anayi a malemu amayi awo ungokhala, madzi apamjigo, ndiwo zakudimba, lendi kulibe. Mtima wanga wagawikana. Kodi moyo wakumeneko ndiwotchipadi kapena tikungothawa moto nkukagwera m'madzi otentha? Ndiuzeni zoona zake, zabwino ndi zoipa zomwe.

NaPhiri_wapaKamwendo

Achimwene ine ndikuyankheni monga munthu amene anapanga zomwe mukuganizazo, tinachoka ku Chinsapo chaka cha 2019 ndipo tili pa Kamwendo mpaka lero.

Choyamba, zotchipa zilipo zoona sindinganame. Ndalama imene mukupereka pa zipinda ziwiri ku 36 kuno mupeza nyumba yonse ya malata ndi mpanda wake wa tsekera, nkhuku zikuyendayenda pabwalo. Masamba sitimagula kwenikweni, dzinja lonse ndi nkhwani, chisoso, bonongwe, therere, ndipo nsinjiro kuno si nkhani chifukwa mtedza ndiye mbewu yathu, aliyense ali nawo. Chilimwe mfutso. Mbatata, kachewere, maungu, mango nthawi yake ana amadya mpaka kutsegula m'mimba. Ana anga atabwera kuno ananenepa mwezi umodzi wokha.

Koma mvetsetsani apa. Chotchipa kuno ndi chimene chatuluka m'nthaka yakonkuno basi. Chilichonse chimene chabwera pa lole kuchokera ku Lilongwe, shuga, mafuta ophikira, sopo, simenti, malata, mchere, mabuku a ana, chimafika chitakwera kale chifukwa wagolosale amaikapo thiransipoti yake, ndiye inu mukunena za mkati mwa Kapiri, kumeneko wakaokala wawonjezeranso yake ya kabaza. Usipa ndi bonya kuno ndi wodula kuposa ku Lilongwe, nyanja ili kutali ndi ife. Nthawi ija mafuta agalimoto ankasowa mu 2024 anjinga zamoto ankagula a m'zigubu ndipo mtengo wokwera unkasintha m'mawa ndi madzulo, munthu umachita kufunsa kaye usanakhale pampando.

Ndipo chachikulu chimene anthu amtauni sachiwona ndi ichi: kuno ndalama imabwera kamodzi pachaka. Kuyambira April mpaka July mudzi wonse ndi mabwana, soya wagulitsidwa, mtedza wagulitsidwa, afodya alandira, pamsika pamachita kusowa popondapo, anthu akugula matilesi, njinga, mawailesi, ena akukwatira mkazi wachiwiri kkkk. Ikafika November ndalama yonse yapita ku feteleza. January ndi February ziii, munthu yemwe ankakugulirani Fanta mu June akubwera kudzapempha ganyu yopalira kuti mumupatse ndowa ya chimanga. Inu ntchito yanu yowotcherera idzayenda miyezi inayi kapena isanu imeneyo, ngolo, mageti, mafelemu a mawindo, makasu, kukonza majoko, zidzakupezani zambiri mpaka kukana zina. Miyezi yotsalayo mudzakhala mukungoyang'ana makina. Ngati muli munthu wodziwa kusunga, zitheka. Ngati ndalama imakuyabwani m'thumba, mudzalira.

Jah_Bua

Aise funso loyamba, kumudzi kwa alamu athuwo magetsi anafikako? Chifukwa makina owotcherera sayendera kasola kotchajira foni. MAREP, pulogalamu ya boma ija yofikitsa magetsi kumidzi, inafika m'matrading centre ambiri inde koma mudzi wa mkati ndi mwayi chabe. Ngati kulibe ndiye kuti mukufunika malo pa Kapiri penipeni, ndiye lendi ija mwaithawa yabweranso, ya shopu. Jenereta ndiye musayerekeze, dizilo adzakudyerani phindu lonse.

Bambo_a_Tadala

Magetsi kumudziko kulibe, mapolo anathera pasukulu ina yake patali ndithu. Ndimaganiza zoti banja likhale kumudzi ine ndizipalasa njinga m'mawa kupita pa trading. NaPhiri zikomo kwambiri, za ndalama yobwera kamodzi pachakazi sindinaziganizepo bwinobwino, kuno ngakhale zivute bwanji sabata siitha osagwira kenakake.

Mdala_waku_Santhe

Mwana wanga, ine ndine wa ku Kasungu koma Santhe ndi Kapiri ndi khomo ndi khomo, msewu ndi umodzi womwewo wochokera pa Kamwendo, ndiye zomwe ndinene zikukhudzani. Ndalima zaka zoposa makumi atatu, ndinayamba ngati tenanti pa esiteti ya fodya ndisanapeze panga.

Maekala anayi amene mukuwanenawo musawawerenge ngati chakudya chaulere. Munda sudyetsa munthu, chimadyetsa ndi chimene mwathiramo. Nthaka yathu ino inatopa, chimanga popanda feteleza chimangofika m'chiuno nkuchita chikasu. Ekala imodzi imafuna matumba awiri, lokulitsa ndi lobereketsa, ndiye muwerengere nokha pa mtengo walero. Za makuponi musadalire. AIP, pulogalamu ya boma ija ya feteleza wotsika mtengo, itayamba mu 2020 thumba tinkagula K4,495, kenako linafika K15,000 ndipo mayina ankachepa chaka ndi chaka, mlendo wongofika kumene ngati inu dzina lanu kuti lilowe m'kaundula si lero. Kuwonjezera apo mbewu, aganyu olima mizere, opalira, obandira, okolola, ngolo yotutira, matumba, mankhwala a anankafumbwe kapena matumba a PICS aja osalowa mpweya. Mukaphatikiza zonse mudzapeza kuti thumba la chimanga cholima nokha silotchipa monga amanenera anthu a m'tauni. Ndipo mvula ikakuchitani ngati ya 2024, ija inadula mu February chimanga chili pa ngaiyaye mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 23, zonse mwathira zija zapita.

Langizo langa, chimanga limani ekala imodzi ndi theka yakudya basi. Kotsalako soya ndi mtedza, sizifuna feteleza wambiri ndipo zimakonzanso nthaka. Koma pogulitsa samalani ndi mavenda, amabwera ndi masikelo awo mu April pamene aliyense ali ndi ngongole ndipo mtengo uli pansi, sikelo yakenso ina imadya makilo, ine anandidyapo ndisanagule yanga. Amene amapindula ndi amene amatha kusunga mpaka October. Inu mwayi wanu ndi umenewo, muli ndi luso la m'manja, simudzakakamizika kugulitsa msanga ngati ife. Fodya ndiye musamuyandikire chaka choyamba, ameneyo amafuna anthu, nkhuni kapena zigafa, ndi mtima wopirira mukafika naye ku okushoni ku Chinkhoma nkumva mtengo umene simunayembekezere.

China chimene anyamata simuchiwerengera ndi maliro. Kumudzi simungajombe. Maliro akachitika ntchito yaima, mupereke ufa, nkhuni, kandalama, ndipo inu pokhala mwachokera ku tauni adzakuyang'anani pa bokosi. Sindikunena kuti nzoipa ayi, tsiku lanu likadzafika anthu omwewo ndi amene adzakunyamuleni osakulipiritsani kanthu, adzukulu adzakumba manda, amayi adzaphika. Kungoti muziike mu bajeti.

Chisomo265

Ine ndingowonjezera za chipatala ndi sukulu poti muli ndi ana atatu. Malungo nthawi yadzinja ndi ochuluka kumidzi kuposa ku 36. Chipatala chaching'ono cha boma ndi chaulere inde koma kangapo konse ndapitako ndi mwana nkundiuza kuti mankhwala atha kagule, ndiye uyambenso kusaka famase. Zamishoni zimathandiza bwino koma nzolipira. Matenda akakula akutumizani ku boma, ndipo kuchoka mbali ya Kapiri kukafika ku Mchinji boma si pafupi, usiku mvula ikugwa msewu wafumbi uli matope okhaokha, wanjinga yamoto amatchula mtengo umene akufuna ndipo simungakane. Mlamu wanga anachira m'njira pa ngolo, mwayi zinayenda bwino.

Sukulu za pulayimale zilipo paliponse koma kalasi imodzi ana ngati msonkhano wachipani, ena pansi pa mtengo. Ngati ana anu anazolowera kapulaiveti ka m'tauni adzabwerera m'mbuyo pa Chingerezi, zimenezo ndiye musakayike. Komabe mbali inayi ana kuno amakula mwaufulu, palibe zoopa galimoto, palibe zowatsekera mumpanda tsiku lonse, wanga wazaka 9 amadziwa kukama mbuzi ndi kuotcha mbewa kkkk.

Jah_Bua

Musaiwalenso zabwino za malire. Kuchokera pa boma, Chipata ndi pafupi kuposa Lilongwe, ndipo anzathu a ku Zambia amalankhula chinenero chathu chomwechi, ena ndi abale enieni, mu August timakakumana nawo ku Kulamba ku Mkaika. Kwacha yawo ili ndi mphamvu kuposa yathu ndiye wowotcherera waluso akadziwika maoda amabwera kuchokera kutsidya. Koma mphamvu yomweyo imatipwetekanso, akabwera kudzagula soya kapena chimanga mtengo pamsika umakwera ndipo iwe wogula ndowa imodzi umavutika. Ndiye zimatengera uli mbali iti, wogulitsa kapena wogula.

Mai_Nkhoma_Mkanda

Nonse mwalankhula za ndalama koma palibe wanena nkhani yeniyeni. Bambo a Tadala, mwati munda ndi wa malemu apongozi anu. Ndiye kuti inu mukupita uchikamwini. Ife Achewa munda umayenda mbali ya kuchikazi, eni mbumba ndi atsibweni a akazi anu ndi alongo awo, inu mulibe mawu pa nthaka imeneyo ngakhale mutalimapo zaka 20. Mukamanga nyumba ya njerwa zootcha pamenepo dziwani kuti mwamangira akazi anu ndi ana, zomwe sizoipa, ana ndi anu omwe, koma Mulungu asalole mayiwo atatsogola kapena banja litasokonekera, anthu ena amakuuzani kuti bambo nyamulani nkhwangwa yanu muzipita. Sikuti mabanja onse ali choncho, masiku ano ambiri anasintha, koma ndaziwona ndi maso anga kawiri.

Komanso munda "wongokhala" ku Mchinji kuno kulibe. Ndikukuuzani. Anthu achuluka, malo achepa, ngati akazi anu akhala ku tauni zaka zonsezi ndiye kuti pali msuweni kapena mchemwali amene akulimapo kapena akubwereketsa kwa mavenda a soya nkumadya ndalama yake chaka ndi chaka. Tsiku limene mudzafike ndi katundu pa lole munthu ameneyo sadzakusekererani. Ndiye musanapereke notisi kwa alandilodi, akazi anu apite okha kaye, akakhale pansi ndi atsibweni awo, akawonekere kwa amfumu, malire a munda akawalozedwe pamaso pa anthu. Inu mudzapite pambuyo ndi kankhuku m'manja.

Ndipo ngati ndalama ingapezeke gulani kapuloti kanukanu pa Kapiri kapena pa Kamwendo, kokhala ndi mapepala, m'dzina lanu. Shopu kutsogolo, nyumba kumbuyo, magetsi alipo, sukulu ndi chipatala pafupi, netiweki yosachita kukwera pachulu, Airtel Money ndi Mpamba pakhomo. Kumunda muzipita pa njinga. Mudzadya zakumudzi koma simudzakhala pansi pa ulamuliro wa munthu.

Bambo_a_Tadala

Mayi Nkhoma mwandilasa penipeni. Ndangowafunsa mayi akunyumba pompano kuti kodi mundawo akulima ndani, ayamba ndi kuseka kenako akuti achimwene awo aakulu "amangosamalirako kuti usamere tchire". Zaka zisanu ndi chimodzi akusamalira kkkkk. Ndiye nkhani ija ndi yomweyi.

NaPhiri_wapaKamwendo

Kkkkk kusamalira kwake kumeneko ndi kwa soya achimwene. Chitani zomwe anena Mayi Nkhoma. Ife tinachita mwayi poti tinabwera ndi kandalama kogulira puloti, zinthu zisanakwere chonchi. Ndipo musasamuke mu December ngati mmene amachitira ambiri poti ana atsekera, imeneyo ndi nthawi yoipitsitsa, mudzafika mulibe chimanga m'nyumba, mitengo ili kumwamba, makasitomala alibe ndalama. Bwerani mu May, mugule chimanga cha chaka chonse chikadali chotchipa, muthire mankhwala, makina anu ayambe kulira anthu ali ndi ndalama m'matumba. Mayiwo akalowe banki m'khonde msanga, imathandiza pa feteleza, bola osatengako ngongole yogulira zitenje.

Mdala_waku_Santhe

Mukabwera mudzandiuze, ngolo yanga ekiselo inathyoka chaka chatha ndipo anyamata awiri apa Santhe aiwotcherera kawiri konse ikungothyokanso pomwepo.

Bambo_a_Tadala

Ekiselo siwotcherera pamwamba pokha madala, imafuna kuisongola kaye mbali zonse nkudzaza bwinobwino, mwinanso kuikapo chitsulo china chogwiriziza. Tidzaiwona. Mayi akunyumba anyamuka Loweruka kukakumana ndi atsibweni awo, ine nditsala ndi ana. Alipo akudziwa kuti minibasi kapena Sienta yochokera ku depoti kukafika pa Kapiri ikutenga zingati masiku ano, ndipo ndi bwino kutsika pa Kamwendo nkusintha kapena zilipo zopita straight?