Lift ya ma post awiri yakana kulowa m'galaja, siling'i yatsika

Wa ku Area 25: Akuluakulu ndathedwa nzeru. Ndagula lift yakale yokwezera galimoto, ya ma post (mizati) awiri, ku Joni, ya matani 4, ija ya baseplate, yomwe chitsulo cholumikiza ma post chimadutsa pansi, yafika dzulo pa thiraki. Wogulitsa anandilonjeza kuti imalowa m'galaja iliyonse. Lero ndatenga tepi, ma post ndi 2.8 mita, galaja yanga ya pakhomo kuchoka pansi kufika pa siling'i ndi 2.7. Yakana. Ndalama zanga zonse zathera pamenepa ndipo msana watopa ndi kugona pa katoni pansi pa jeke, ndiye zoti ndiigulitse musandiuze. Ntchito zanga zambiri ndi ma Vitz, ma Sienta, Hilux mwa apo ndi apo. Ndikuganiza zochotsa siling'i n'kudula thabwa la m'munsi la ma truss (matabwa onyamula denga la galaja) awiri kuti denga la galimoto lizilowa m'mwambamo. Alipo anachitapo? Ma anchor, mabawuti omangirira ma post pa konkiriti, ndigule a size yanji?

Madala a ku Ndirande: Mwana wanga, kumba pit, dzenje lomwe umalowamo kukonza galimoto kunsi. Njerwa, simenti, anyamata awiri ndi mapiki, sabata imodzi wamaliza. Ine ndakalambira mu pit, ma giyabokosi omwe ndatsitsira mmenemo sindingawawerenge. Pit silifuna denga lalitali ndipo silifuna magetsi.

Wa ku Kanengo: Achimwene, ma post kusalowa ndi nkhani yaing'ono. Mukachotsa siling'i mutha kuwaimika pakati pa ma truss, mitu yake n'kubisala m'mwamba. Vuto ndi galimotoyo. Hilux payokha kuchoka pansi kufika pa denga lake ndi pafupifupi 1.8 mita. Chotsani pa 2.7, yatsala 0.9, ndipo apo simunasiye mpata woti denga lisagunde. Vitz ndi 1.5, mupeza 1.1 kapena 1.2. Kuti munthu aime chilili pansi pa Hilux pamafunika denga la 3.6 kapena kuposa. Ndiye dziwiranitu kuti lift imeneyi muziigwiritsa ntchito mutakhala pa kampando ka mateyala. Si zoipa ayi, mabuleki, ma CV, ma shock, zonse zimatheka bwinobwino, koma kuima muiwale.

Mmisiri wa zomanga: Ine si makaniko, ndili muno chifukwa cha mapikapu anga, koma pa ma truss ndiyankhulepo. Musadule. Thabwa la m'munsilo ndi lomwe limagwira miyendo iwiri ya truss kuti isatayane. Mukalidula, kulemera konse kwa denga kumayamba kukankhira makoma kunja. Sizigwa tsiku lomwelo, n'chifukwa chake anthu amanyengeka. Ndinaitanidwapo pa nyumba ina pomwe mwini wake anadula awiri kuti alowetse thanki ya madzi. Itabwera mvula yamphepo, pakati pa denga panatsika ngati msana wa bulu, khoma linang'aluka kuchokera pa ring beam mpaka pa zenera. Ngati mukufunadi mpata, sasulani malata, onjezerani mizere ya njerwa, thirani ring beam ina, denga libwerere. Ndipo pulani idutse ku khonsolo, chifukwa mukusintha nyumba.

Madala a ku Ndirande: Ndalama yokweza denga ukumba nayo ma pit atatu.

Wa ku Area 25: Madala ndakumvani, koma kwathu kuno madzi ali pafupi, dzinja likafika ngakhale dzenje la zinyalala limadzadza. Komanso mu pit mateyala amakhala ali pansi, pa ntchito ya suspension ndizidalirabe jeke. Za ma anchor bwanji anthuni? Ndi zomwe ndafunsa.

Wa ku Joni: Ase, usanafunse za ma anchor, waboolapo silabu yako? Tenga dirilo uboole pomwe post idzaime, ulowetse waya uone kukhuthala kwake. Magalaja a pakhomo ambiri kwathuko ndi konkiriti yopyapyala yothiridwa pa zidutswa za njerwa, pamwamba n'kusalaza ndi screed, ukaiona ngati yolimba. Ma lift ang'onoang'ono a ku America amafuna yosachepera 10 cm ya 3000 psi, yomwe ndi pafupifupi 21 MPa, ndipo a matani 4 ambiri amafuna 15 cm kapena kuposa. Buku la lift yako ndiye likuuze, ngati wogulitsayo sanakupatse lifufuze pa intaneti ndi model number. Kumbuka kuti ya baseplate ilibe chitsulo cholumikiza ma post kumwamba. Galimoto ikakwera ma post amafuna kuweramira mkati, ndipo chomwe chimawaletsa ndi ma anchor akumbuyo basi. Pa workshop ina yomwe ndinagwirapo kuno bwana anaimika yotere pa silabu yong'aluka. Tsiku lina tikukweza bakkie ndinaona fumbi likutuluka m'munsi mwa post, bawuti ikusololoka pang'onopang'ono ndi konkiriti yake yomwe. Tinaitsitsa palibe woyankhula. Mnyamata yemwe amayenera kulowa pansi pake sanabwerenso mawa lake.

Mmisiri wa zomanga: Zoona zimenezo. Ikapezeka yopyapyala, dulani ndi grinder, kumbani, thirani yatsopano ya kwale weniweni ndi zitsulo za Y12. Ine ndimakonda mzere umodzi wolumikiza ma post onse awiri, osati timabokosi tiwiri, ndipo ilowe pang'ono kunsi kwa silabu yakale. Muzithirira madzi, mudikire masiku 28 musanaboole. Osati sabata imodzi chifukwa kasitomala akukuthamangitsani. Anchor isayandikire mng'alu kapena m'mphepete, ndipo muimange ndi torque wrench, osati impact.

Madala a ku Ndirande: Mwaona? Mukumba ndithu. Ngati mukukumba kale, bwanji osangopitiriza likhale pit?

Wa ku Mzuzu: Madala, ndi ulemu wonse, pit lili ndi maliro ake. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, umatsikira m'dzenjemo n'kukhazikika. Mnzanga wina anatsitsa thanki ya petulo ali mu pit, wina anayatsa grinder chapafupi, manja ake mpaka lero ali ndi zipsera. Ndipo apa tikunena za pakhomo, pali ana. Dzenje lotseguka m'galaja ya panyumba ine ayi.

Madala a ku Ndirande: Pit limavindikiridwa ndi matabwa. Amene anapsayo anapsa chifukwa cha grinder, osati pit. Zaka zonsezi ine ndilibe chipsera.

Wa ku Kanengo: Tibwerere ku lift. Achimwene yang'anani pa plate ya motor. Zambiri zochoka m'ma workshop a ku Joni ndi za magetsi a three phase, 380 volts, pomwe pakhomo panu ESCOM inakupatsani single phase. Ngati ndi choncho musintha motor kapena kugula VFD, kachipangizo koyendetsa motor ya three phase pa magetsi a single phase. Chinanso, ikani limit switch yoimitsa lift isanakwere mopyola. Za overhead, zija zolumikizidwa ndi chitsulo kumwamba, zimakhala ndi bar yomwe imazimitsa motor denga la galimoto likaigunda, yanuyo ilibe. Tsiku lomwe mnyamata wanu adzaiwale kuti Sienta ya lero ili ndi carrier, mudzalipira denga la kasitomala ndi truss yomwe. Chitseko cha galajayo ngati ndi chokwera m'mwamba, yezani chili chotsegula.

Wa ku Joni: Ndipo magetsi akazima galimoto itakhala pa ma lock, zitsulo zogwira lift kuti isagwe, siitsika, chifukwa uyenera kuikweza kaye pang'ono kuti ma lock amasuke. Kuno nthawi ya load shedding galimoto inagonapo m'mwamba mwini wake akudikira panja. Kajenereta kakang'ono sikadzutsa motor ya 2.2 kW, imakoka kwambiri poyamba. Usaiwalenso kuti chitsulo cha pansi chija chimatchinga transmission jack, ndipo ukachotsa giyabokosi ya Hilux kulemera kumasamuka, ikapo ma stand kutsogolo ndi kumbuyo.

Wa ku Mzuzu: VFD mukuitchulayo ku Lilongwe ikupezeka? Ndili ndi compressor ya three phase yangokhala chaka chonse.

Wa ku Kanengo: Imapezeka, koma onani kaye ngati motor yanu imalola kulumikizidwa m'njira yotchedwa delta pa 220 volts. Jambulani plate mutumize.

Madala a ku Ndirande: Wa ku Area 25 ali kuti? Mwana wanga, ukaboola silabuyo n'kupeza njerwa, undiimbire ndikupatse miyezo ya pit langa.