Kodi timizere tonyezimira m'malasha n'chiyani?

Mayi wa ku Germiston, ku South Africa:
Abale anga, m'malasha amene timagula nyengo yozizira ndimaonamo timizere tonyezimira ngati golide, ndipo tikawaika pa mbaula utsi wake umatsamwitsa. Kodi timeneti n'chiyani, ndipo n'zoona kuti ndi timene timasandutsa madzi a pafupi ndi migodi kukhala achikasu?

Bambo wa ku eMalahleni:
Mayi, umenewo ndi mwala wotchedwa pyrite, ndipo muli chitsulo ndi sulufule. Ukakhala pansi pa nthaka suvuta, koma akaufukula n'kukumana ndi mpweya ndi madzi umatulutsa asidi, ndipo pali tizilombo tosaoneka ndi maso timene timafulumizitsa zimenezi. Asidiyo amasungunula chitsulo ndi aluminiyamu za m'miyala, moti matope a dzimbiri amene amamatirira pansi pa timitsinje takuno ndi chitsulo chomwecho. Madzi otere amakathira mumtsinje wa Olifants. Mu 2012 anthu a m'tauni ya Carolina anakhala miyezi ingapo osamwa madzi a m'mipopi chifukwa damu la Boesmanspruit linaipitsidwa. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mgodi ukatsekedwa asidiyo saleka kutuluka, ndipo otsala ndi vutolo ndi anthu okhala kumunsi kwa mtsinje.

Bambo wa ku Randfontein:
Achimwene afotokoza bwino, koma ndionjezerepo kuti madzi achikasu a kuno ku Johannesburg amachokera ku migodi yakale ya golide osati ya malasha, ngakhale kuti mwala wake ndi womwewo. Mapampu ataleka kupopa, madzi anadzaza m'migodi mpaka anayamba kusefukira kufupi ndi Krugersdorp mu 2002. Kwanuko ku Germiston kuli malo opopera madziwa n'kuwathira laimu kuti asidi athe mphamvu, komabe mchere wambiri umatsalamo.

Mayi wa ku Tembisa:
Pa nkhani ya utsi, mayi anzanga, pyrite akapsa amatulutsa mpweya wa sulphur dioxide umene umapweteka m'chifuwa, makamaka kwa ana ndi odwala mphumu. Ku Kusile, kumene kampani ya Eskom imapangira magetsi powotcha malasha, anaika makina ochotsera mpweyawu mu utsi, koma mbaula ilibe zoterozo. Chonde muziiyatsira panja ndipo musagone nayo m'nyumba, chifukwa imatulutsanso mpweya wina wosanunkha umene umapha munthu ali m'tulo.